Gulo Mkamwini ndi Wotchi Yotulutsa Dzuwa

Kudangokhala, ndipo ife tikhale pamodzi kufikira itatha.

M'chaka chotsatana ndi cha dzombe, m'mwezi umene lero timautcha Okutobala, Gulo wina dzina lake Kamwendo, wa ku phiri la Nsanjiko, adakwatira kwa a Nkhanga a m'mudzi wa Matsekete. Mkazi wake adali Nasimango, mwana wachisamba wa a Nachisale. Mwinimbumba amene adavomera ukwatiwo adali a Kachingwe, mlongo wawo wa a Nachisale. Monga mwa mwambo, Gulo adanyamula mphasa ndi khasu nakakhala chikamwini kwawo kwa mkazi.

Koma padali chinthu chimodzi chimene ankhoswe sadachitchule. Thupi la Gulo lilibe moto wakewake. Likazizidwa limauma gwa ngati chikuni, ndipo miyendo siyenda mpaka dzuwa litamuwomba. N'chifukwa chake pochoka kwawo adatenganso mwala wakuda wophwathalala, nauika pakhomo loyang'ana kummawa. Mwalawo unkasunga kutentha kwa masana, ndipo dzuwa likangosuzumira unkafunda msanga. Gulo ankagona pamenepo.

M'chilimwe palibe adazindikira kanthu, pakuti dzuwa la nthawi imeneyo silizengereza. Gulo adasosa munda wa apongozi, naunda mizere yowongoka, ndipo a Kachingwe ankamutama pamowa.

Kenaka mvula idagwa, mitambo idayamba kuchedwetsa dzuwa. Nthawi yomweyo Nasimango adaikira mazira nalowa m'chikuta, kanyumba kofungatiramo, kumene mwamuna saloledwa kupondako mpaka ana ataswa. Masana ankafungatira Nasimango. Usiku adalanda udindowo a Nachisale, ati atsikana amakankha m'tulo. Gulo adatsala yekha m'nyumba yozizira, ndipo a Nkhanga akamatsikira kumunda kusanache, iye adali chigonere.

Tsono mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo ngati pali mawu, amanenedwa chapatali. Motero tsiku lina a Nachisale adaima kuseri kwa nkhokwe nayankhula ngati akuuza mphepo.

"Kodi m'nyumba umo muli munthu, kapena tikaitane adzukulu okumba manda?"

"Ndilimo, amayi," adayankha Gulo. "Ndikubwera."

"Mukubwera liti? Udzu kumunda wayamba kukwatirana."

"Ndatumiza kale uthenga ku miyendo, amayi. Ikuganizira."

"Iziganizira kwanu ku Nsanjiko."

Madzulo a tsikulo a Nachisale adakasuma kwa mlongo wawo, ndipo a Kachingwe adaitana Gulo pansi pa khonde lawo.

"A Kamwendo," adatero, "sitidakutengeni kuti muzitisungira mphasa. Tsiku lotsiriza kupalira ndidzapita kumunda ndekha dzuwa lisanatuluke. Ndikadzapanda kukupezani ndi khasu m'manja, tidzakupindirani katundu ndi kukuperekezani mpaka pamphambano."

"Nanga mazira aja, malume?"

"Mazira ndi athu. Ana ndi a kuno. Inu mudzangomva kuti adaswa."

Gulo adabwerera kunyumba mutu uli pansi. Mazirawo adali asanawaone n'komwe.

M'mawa mwake, dzuwa litamumasula, adamva kuti kwafika Dokowe, wamalonda uja amabwera ndi mvula zoyamba atasenza zinthu zakutali. Gulo sankadutsa chinthu chachilendo osachifunsa. Adapita, napeza pakati pa malondawo pali chinthu chozungulira ngati chipanda, chagalasi loyera, chokhala ndi tizibatani kumbuyo.

"Ichi n'chiyani, a Dokowe?"

"Wotchi."

"Wotchi ndidaionapo. Imakhala ndi mivi. Iyi mivi yake ili kuti?"

"Iyi siloza nthawi, mnzanga. Iyi imatulutsa dzuwa."

"Dzuwa liti? Lomweli?"

Dokowe adavundikira wotchiyo ndi dengu lalikulu, nauza Gulo kuti alowetse mutu. M'dengumo mudali mdima bii. Kenaka galasi lija lidayamba kufiira ngati khala lotsala paphulusa. Kufiirako kudasanduka ngati papaya wakupsa, kenaka ngati duwa la dzungu, mpaka m'dengu monse mudayera mbee. Pomaliza mbalame zidayamba kuimba m'kati mwa wotchimo.

Gulo adatulutsa mutu maso ali tong'o.

"Mbalamezo mumazidyetsa chiyani?"

"Sizidya."

"Nanga dzuwalo mudalilowetsamo bwanji?"

"Masana mumaiika panja. Imadya dzuwa, n'kulisunga, n'kudzalibweza nthawi imene mwaiuza ndi kabatani aka."

"Ngakhale kunja kuli mitambo?"

"Mitambo ya kunja ilowa bwanji m'nyumba mwanu?"

Gulo adameza malovu. Adafunsa chimene Dokowe angalandire, ndipo Dokowe adati podutsa adaona mwala wakuda pakhomo pena, wabwino kuswerapo nkhono. Gulo sadazengereze. Mumtima adati wokhala ndi dzuwa lakelake m'nyumba, mwala ngwachiyani? Adakunkhuniza mwalawo yekha nakaupereka, nabwerako atakumbatira wotchi.

Madzulo adaiika kumutu kwa mphasa, natembenuza kabatani, nagona akumwetulira.

M'bandakucha wotchi idachita zonse monga m'dengu muja. Idafiira, idayera, mbalame zidaimba. Maso a Gulo adatseguka. Kanthawi pang'ono adaiwala za munda, pakuti chibadwire adali asanakhalepo maso nthawi imeneyo. Adamva zitseko zikutseguka chimodzichimodzi. Adamva a Kachingwe akutsokomola, makasu akugundana, mayi wina akukalipira mwana wokodza pamphasa. Kodi m'mawa uliwonse kumachitika zonsezi iye ali m'tulo? Kenaka adakumbukira, nafuna kudzuka.

Miyendo idali zii.

Adayesa mchira. Mchira udali ngati wa munthu wina. Pamenepo adayamba kuimba, pakuti pakamwa pokha ndi pamene pankayenda. Nyimbo yake inkaitana miyendo umodziumodzi, kuyambira wakutsogolo wakumanja, kuuchonderera ngati mlendo wonyada kuti udzuke poti kwacha. Ndipo pamene pakadayenera kuvomera anthu, zinkavomera mbalame za m'wotchi. Adaitana yonse inayi ndi mchira womwe, koma palibe udayankha mpaka dzuwa lenileni litaboola mitambo ndi kulowa pakhomo.

A Nachisale adamudikira kuseri kwa nkhokwe.

"Ndinaona kuwala m'nyumba umo, ndinati lero akamwini atidzidzimutsa. Kani mwagula nyali yoti muziuona bwino ulesi wanu?"

Gulo adabwerera kwa Dokowe, namupeza akuswa nkhono pamwala uja.

"Dzuwa lanu landidzutsa maso okha."

"Ndiye kuti mudaliika patali. Kabatani kena ako n'kowonjezera kuwala. Tembenuzani mpaka kothera, ndipo muiyandikize."

Gulo adatembenuza mpaka kothera, nagona ataikumbatira ndi miyendo yonse. M'bandakucha kuwala kudatulukira m'ming'alu ya chitseko ngati nyumba ikupsa. Usiku umenewo kudagwa mvula, ndipo ngumbi zochokera pachulu chakuseri zitaona kuwalako zidakhamukira m'nyumbamo. Zidadzaza pamphasa, zidayenda pamsana pa Gulo, ina idakhala pamphuno pake penipeni n'kuthothola mapiko. Gulo, amene ankakonda ngumbi kuposa chakudya china chilichonse, adangoiyang'ana. Khosi silidatembenuke.

Ana a Nkhanga adakankha chitseko potsata ngumbizo, nayamba kujompha. Atamva mkamwini akuimba nyimbo yochonderera miyendo, adaigwira pomwepo. Iye akaitana mwendo, iwo ankavomera m'malo mwa mwendowo, kukana mwaulemu kuti ukadali ndi tulo, kwinaku akuvina ndi ngumbi kukamwa. Pofika masana mudzi wonse unkaiimba.

Kachitatu Gulo adaganiza kuti mwina miyendo imamva mochedwa, ndipo adabweza kabatani kuti dzuwa lake lituluke msanga. Lidatuluka. Adagona m'kuwalamo nthawi yaitali, akuimba motsitsa mawu kuti ana asamve. Atatopa adaleka, nayamba kuiyang'anitsitsa wotchiyo, imene idali pafupi ndi pakamwa pake. Adatulutsa lilime pang'onopang'ono nakhudza galasi.

Lidali lozizira ngati mtsuko wa madzi.

Gulo adadabwa kwambiri kotero kuti adaiwala kudandaula. Moyo wake wonse ankayesa kuti dzuwa ndi chinthu chimodzi. Kani muli zinthu ziwiri m'menemo, china chodzutsa maso, china chodzutsa miyendo? Ndipo iye adagula chimene sankachisowa, n'kulipira ndi chimene ankachisowa.

Tsiku limenelo adalima pang'ono, koma adayenda mudzi wonse akukhudza zinthu. Adakhudza mtondo, adakhudza khoma, adakhudza phulusa la dzulo, kufuna kudziwa kumene kutentha kumagona dzuwa likalowa. Moto adauganizira, koma nkhuni zidali zonyowa, ndipo woti n'kuusonkheza m'bandakucha padalibe. Potsiriza adafika kuseri kwa chikuta, pamene padali kauna ka mbewa m'munsi mwa khoma, nanong'oneza.

"Nasimango, muli bwanji m'menemo?"

"Ndili bwino, bambo. Nyimbo yanu yandipeza konkuno."

"Ndiye mwamva kuti ndapita."

Kenaka padamveka kukhwekhwereza, ndipo pakauna paja padaoneka dzira lamawangamawanga.

"Amayi asamve," adatero. "Gwirani mwana wanu. Mwina simudzamuona."

Gulo adaika dzanja padzirapo. Lidali lofunda. Kufundako kudakwera m'zala mpaka paphewa, ndipo dzanjalo lidapepuka ngati masana a Okutobala.

"Nasimango, m'menemo mumalowa dzuwa?"

"Lilowera pati? Muno ndi mdima usana ndi usiku."

"Nanga kutenthaku kukuchokera kuti?"

"Funso lanji limenelo? Kwa ife. Masana ine, usiku amayi."

"Usiku wonse?"

"Mpaka ataona kuti kwacha. Amatuluka kukandidzutsa, ine n'kubwera."

"Nanga madzulo?"

"Ine ndimatuluka kukawaitana. Bwanji mukufunsa ngati wapolisi?"

"Ndikungofuna kudziwa," adatero Gulo. Adayang'ana kauna kaja, nadziyang'ana m'chiuno. Kenaka adati, "Wotchi ija sikundithandiza. Amayi akukula, ndipo m'mdimamo sangaone bwino kuti kwacha. Mukawapatse, munene kuti ndi mphatso ya mkamwini wopepesa."

A Nachisale adalandira mphatsoyo ndi mawu ambiri onyoza, koma adaipachika pamwamba pa chisa ndi manja awo. Sadadziwe kuti Gulo adaitchera kuti izitulutsa dzuwa kunja kukadali mdima.

Madzulo, Nasimango atatuluka kukaitana amayi ake, Gulo adalowera pakauna, nadzikwirira pansi pa udzu wa chisa pakati pa mazira, napinda mchira. Posakhalitsa a Nachisale adalowa, adatembenuza mazira ndi mlomo, adatambasula mapiko, nakhala pansi ndi thupi lawo lonse.

Gulo adali asanafundepo chotero chibadwire.

M'bandakucha wotchi idafiira, idayera, mbalame zidaimba. A Nachisale adadzuka nadziwongola, natuluka kukadzutsa mwana wawo. Panja adaima modabwa.

"Ha! Dzuwa la masiku ano laphunzira kwa akamwini. Mnzake m'nyumba watuluka kale, ilo likadali pamphasa."

Akulankhula choncho, Gulo adatulukira pakauna, mdima wa panja n'kumubisa. Adathamanga ngati mwana. A Nkhanga pofika kumunda adamupeza atapalira kale mizere ingapo, akuimba nyimbo yomwe ija, koma tsopano miyendo inkavomera yokha, popeza akaitana mwendo, mwendowo unkaponda pansi kawiri.

Mudzi udasokonezeka. Ena adati Gulo wapeza mankhwala, ena adati adali kunamizira kuyambira kale. A Kachingwe adati iwo adzaweruza pa tsiku limene adanena, osati lina. Ndipo m'mawa uliwonse zidachitika chimodzimodzi, munda n'kumayera.

A Nachisale okha ndiwo adali ndi kadandaulo.

"Nasimango, mazira ako ali bwinobwino onse?"

"Bwanji, amayi?"

"Pali limodzi lalitali. Ndipo ndikamagona ndimamva ngati lili ndi nthiti."

"Mwina latengera kuchimuna."

"Likatengera kuchimuna lidzaswa mwezi wa mawa masana."

Nasimango adaseka, koma mawuwo adamukhala mumtima. Tsiku lomwelo, Gulo atabwera kudzamulonjera pakauna, iye adasuzumira naona kanthenga kofewa kamawanga katakanirira pakhosi pa mwamuna wake. Adakadziwa. Kadali ka pachifuwa pa amayi ake.

"Bambo," adanong'oneza, "mumagona kuti?"

"Pabwino."

"A Kamwendo! Apongozi anu? Amene simuyenera ngakhale kuponda chithunzithunzi chawo?"

"Sindiwayang'ana. Ndimatsinzina usiku wonse. Mwambo ndikuusunga."

Nasimango adagwira mlomo kuti asakuwe, kenaka adaugwiritsa kuti asaseke.

"Akadzadziwa tatha tonse. Bwanji osaleka, poti munda watsala pang'ono?"

"Ndikaleka lero, tsiku la malume lidzandipeza ndili chikuni. Ndipo Nasimango, usiku ndimawamva ana. Ayamba kutembenuka m'kati. Dzira lina limagunda ndikalikhudza ndi chigongono."

Nasimango adangotulutsa mlomo pakauna nachotsa kanthenga kaja.

Kupalira kutatsala pang'ono kutha, kudagwa mvumbi, mvula yowaza ija yosakata. Dzuwa silidaoneke masiku otsatizana. Nasimango ankatulutsa wotchi pakhonde monga mwa masiku onse, koma inkangonyowa osadya kanthu. M'mawa wina idatulutsa dzuwa lofooka, mbalame zake zikuimba ngati zodwala chimfine. Gulo adaona, nafunsa Dokowe chochita, koma Dokowe adati iye amagulitsa wotchi, sagulitsa nyengo. Tsiku lotsatira lidali lomwe lija adanena a Kachingwe. Gulo adalingalira, napeza kuti kugona m'nyumba mwake ndi kuluza ndithu, pamene kugona m'chisa ndi kuluza mwina. Adalowa pakauna.

Adadzuka thupi lili lofunda, miyendo ili yokonzeka, koma pamsana pake padali phee. Wotchi idali bii. M'ming'alu ya chitseko munkalowa kuwala kotuwa, kwa dzuwa lenileni. A Nachisale, amene adazolowera kudzutsidwa ndi mbalame za m'wotchi, ankaliza mkonono.

Gulo adayesa kusolola mwendo umodzi. A Nachisale adang'ung'udza m'tulo nakhazikika bwino. Panja padamveka mapazi ambiri, kenaka mawu a a Kachingwe.

"Mlongo! Nachisale! Mukadali m'tulo dzuwa lili apa? Ndachokera kumunda, mkamwini kulibe. Ndapita kunyumba kwake, mulibe. Kodi wadziperekeza yekha?"

A Nachisale adadzidzimuka naimirira. Udzu wa chisa udakanirira kumapazi awo n'kunyamuka nawo. Adayang'ana pansi. Pakati pa mazira padali mutu wobiriwira, maso otsinzina kolimba.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" adanong'oneza Gulo. "Ine sindikuyang'anani."

A Nachisale adatembenukira kukhoma msangamsanga, pokumbukira mwambo, ngakhale m'kanyumbamo mudalibe poti n'kupatukira.

"Dzira lalitali lija," adatero potsiriza.

"Ndine, amayi."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku la mphatso."

"Mayo ine! Ndikuwa. Ndikuwa pompano, akumenyeni ndi mipini."

"Kuwani, amayi, ndalakwadi. Ine andiperekeza lero, ndipo mawa andiiwala. Koma amayi a m'mudzi muno mukuwadziwa. Nyimbo ya miyendo yanga adaigwira tsiku limodzi. Nanga ya apongozi amene adafungatira mkamwini wawo mpaka kumaliza kupalira, idzatha liti pamtondo?"

"Mwana wa mfiti iwe."

"Ndiponso akamva kuti mwamuna adalowa m'chikuta, adzati mazira aonongeka. Adzakawataya kudzala."

Pamenepo padamveka kaphokoso kakang'ono, go, go, go, kochokera m'dzira lina. Lina lidayankha. Mayiwo adaweramitsa mutu, osayang'ana mkamwini, namvetsera.

"Akugogoda," adatero Gulo. "Adayamba dzulo. Ili lapafupi ndi ine ndi lolongolola ngati agogo ake."

"Khalani chete."

"Mlongo!" adaitananso a Kachingwe. "Mukuyankhula ndi yani m'menemo? Nasimango, tsegula chitsekocho tione ngati mayi ako ali moyo."

Chitseko chidayamba kulira. A Nachisale adayang'ana chitseko, adayang'ana kauna, naona kuti kuseri kwa khoma kwaimanso anthu. Adapuma mozama, adatambasula mapiko, nakhalanso pansi pomwe paja, tsopano akudziwa chimene akukhalira.

Nasimango adatsegula pang'ono naima pakhomo. A Kachingwe adasuzumira pamwamba pa phewa lake, pakuti iwonso sakadaloledwa kulowa.

"Ndikuyankhula ndi zidzukulu zanga," adatero a Nachisale. "Zayamba kugogoda. Mumafuna ndizisiye pozizira kuti ndikakupatseni moni?"

"Pepani. Koma nkhani ya mkamwini ija, lero ndi tsiku lake, ndipo sakuoneka."

"Aoneka bwanji poti ndawatuma ndine? Ndawadzutsa kusanache kuti akandifunire udzu wouma wa anawa. M'mvumbi uno udzu wouma uli pafupi?"

"Koma ine ndidati ndidzamupeze ndi khasu m'manja."

"Munda mwauona?"

"Ndauona."

"Uli bwanji?"

"Wayera. Kwatsala kangodya kakang'ono kumunsi."

"Ndiye mukufuna chiyani, achimwene, khasu kapena munda? Mlandu ndidabweretsa ndine. Ndauchotsa ndine. Akamwini sapita kulikonse."

A Kachingwe adakanda chipewa chawo cha fupa. Adali pafupi kutembenuka pamene diso lawo lidagwera pansi.

"Nanga icho chatulukira pansi pa phiko lanucho n'chiyani? Chikukhala ngati chikugwedezeka."

Nasimango adalowa sitepe imodzi nachiponda ndi phazi lonse.

"Ndi luzi, malume. Tidamangira chisa."

Pansi pa nthenga Gulo adaluma udzu, misozi ili mbwembwembwe, koma sadatulutse mawu.

"Luzi lonenepa," adatero a Kachingwe. "Chabwino. Mkamwini akabwera mumuuze amalize kangodya kaja." Adatembenukira anthu. "Tiyeni, nkhani yatha. Za m'chikuta si zathu."

Mapazi atazilala, a Nachisale adaimirira nayang'ana kudenga.

"Nasimango, uza luzi lako lichoke. Ndipo lisabwere kumudzi lopanda udzu wouma, lingandisandutse wabodza."

Gulo adatulukira pakauna mchira ukuwawa, nathamanga. Adafunafuna mpaka adapeza udzu wouma pansi pa thanthwe, adautula pakhomo pa chikuta, nakamaliza kangodya kaja. Masana mvumbi udakata, dzuwa lidatuluka, ndipo adaona Nasimango akuika wotchi padenga kuti idye.

Koma mtima wake sudakhazikike. Ukwati udapulumuka, inde, koma mvula idali ikadalipo, kubandira kudali kutsogolo, ndipo mphasa yake idali yozizira monga kale. Madzulo adakhala pakhomo pake akulingalira za mawa. Pamenepo adamva kutsokomola kuseri kwa nkhokwe.

"Kodi m'nyumba umo muli munthu?"

"Ndilimo, amayi."

"Sindikuyankhula ndi inu. Ine ndi akamwini sitiyankhulana. Ndikungouza mphepo kuti anawa akaswa adzafuna bambo woyenda, osati chikuni, ndipo akadzatuluka m'chikuta mayi wawo adzabwerera kunyumba kwake ndi mapiko ake. Zikadzatero za ena sizidzandikhudzanso."

"Mphepo yamva, amayi."

"Koma kwatsala usiku wa lero, mwina ndi wa mawa. Ine ndikakhala pachisa sindiwerenga mazira, maso anga adakalamba." Kenaka adawonjezera mwaukali. "Kungoti dzira lalitalilo liuzidwe kuti liwenge zikhadabo. Landikanda mokwanira."

Gulo adaweramitsa mutu, nauweramutsa, nauweramitsanso, kuthokoza nkhokwe. Kenaka adalowa m'nyumba kukafuna mpeni.

Nthano yadukira pamenepa. Amene adakwirira mbatata akaifukule, isanasanduke khala.